Munda uli kuchigwa, nkhokwe ili kumtunda

Mukadzapeza mpata, mudzaime pa Thabwa Lolemba m'mawa, pamene msewu wochokera ku Blantyre umatsirizira kukhotakhota n'kugwera m'chigwa. Mudzaone magalimoto oyera aja olembedwa m'zitseko. Ena amakhotera ku East Bank, ena amawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu kulowera ku Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje. M'katimo muli anyamata ndi atsikana onyamula matabuleti, mabokosi ozizira osungiramo magazi, misampha ya udzudzu ndi timatumba toikamo dothi. Lachisanu madzulo mudzabwerenso pomwepo. Magalimoto omwe aja akukwera phiri, koma tsopano alemera. Anyamula mayankho athu, magazi a ana athu, dothi la m'madimba mwathu, ndi mbiri ya mmene madzi anatipezera usiku tili mtulo. Mwa zonse zimene zimakwera pa Thabwa, n'zingati zimene zimatsikanso?

Musandiyese wodana ndi kafukufuku. Ndinadyapo za kafukufuku ine. Kwa zaka zingapo ndinali mmodzi wa achinyamata onyamula tabuleti aja, kuyenda khomo ndi khomo, kufunsa m'Chichewa, kumva yankho m'Chisena kapena m'Chimang'anja, n'kulemba m'Chingerezi. Fizi ya mng'ono wanga inachokera m'menemo. Ndikudziwanso kuti chipatala chimene sichifufuza chimangobwereza mankhwala a dzana, ndipo mlimi wopanda womuyesera mbewu amayesera yekha ndi mimba ya ana ake. Dandaulo langa lili pena. Mabungwe akamagwirizana kuti achite kafukufuku kuno kwathu, amakambirana bwinobwino za ndalama, za magalimoto, za yemwe dzina lake lidzayambe pa lipoti. Chimene sakambirana ndi chakuti zimene aphunzirazo zidzasungidwa ndi yani iwo akadzapita. Ndipo popeza sakambirana, zimapita ndi amene ali ndi galimoto. Ine ndikuti wosunga nzeru za mgwirizano azikhala mnzawo amene atsalire kuno, osati amene ali ndi ndalama zambiri.

Chinanditsegula maso ndi gogo wina wa kufupi ndi Ngabu. Ndinafika pakhomo pake dzuwa likuswa mtengo, anandipatsa mpando pansi pa mtengo wa nimu, ndinayamba mafunso anga. M'nyumba muno mumagona anthu angati, madzi mumatunga kuti, chaka chatha munakolola zochuluka bwanji. Tili pakati, gogo anandigwira mkono. Anati, "Mwana wanga, zimenezi ndinayankha kale. Anabwera mnzako wa malaya obiriwira mvula isanagwe, anakhala pa mpando womwewu. Kodi sanakuuze?" Ndinaseka, ndinati mwina anali wa bungwe lina. Patapita masabata ndinadzamva kuti wa malaya obiriwirayo anali wa bungwe limene linali mu mgwirizano umodzi ndi lathu, ndalama zochokera thumba limodzi, zizindikiro zawo ndi zathu zitandandalikidwa pa chikwangwani chimodzi. Iwo anali ndi mayankho awo mu kompyuta yawo, ife tinali kutolera athu, ndipo akuluakulu athu ankakumana miyezi itatu iliyonse ku hotela kumtunda n'kumauzana kuti zonse zikuyenda bwino. Gogo uja anali yekhayo mu mgwirizano wonsewo amene ankadziwa kuti ntchito ikuchitika kawiri.

Tiyeni tione kumene nzeru za pulojekiti zimakhala, chifukwa ambiri amaganiza kuti zimakhala mu lipoti. Lipoti ndi gaga chabe. Zina zimakhala m'manambala amene amatumizidwa pa intaneti madzulo aliwonse kupita ku kompyuta ya yunivesite, kaya ku Blantyre kaya kunja. Zina zimakhala m'mapepala a akatswiri amene amatuluka patatha zaka ziwiri kapena zitatu, m'Chingerezi chimene ngakhale mphunzitsi wa sekondale amachiwerenga akukanda mutu. Koma ufa weniweni umakhala m'mitu ya anthu a m'munsi: wofunsa mafunso, dalaivala, mlangizi wa zaumoyo amene anatiperekeza, namwino amene anatenga magazi, wodzipereka wa m'mudzi. Amenewa ndiwo ali pa kontrakiti ya miyezi isanu ndi umodzi, kapena alibiretu kontrakiti. Tsiku lotseka pulojekiti amabweza tabuleti, amasayina kuti abweza chaja ndi chikwama, n'kukwera minibasi. Palibe amene amawakhazika pansi kuwafunsa kuti, "Mwaphunzira chiyani chimene sitinalembe?" Chaja amachiwerengera, mutu sauwerengera.

Mwina mukuti m'mutu mwa wofunsa mafunso mungakhale chiyani chimene pulofesa sakuchidziwa. Muli zambiri, ndipo zina zimatha kugwetsa kafukufuku yense. Ife tinkadziwa kuti mayi akati mwana anadwala malungo, sikuti nthawi zonse akunena matenda a udzudzu. Kwathu thupi likatentha, mutu ukawawa, m'mafupa mukaphwanya, onsewo ndi malungo. Tinkadziwa kuti funso lakuti munakolola matumba angati silikwanira pa mapira ndi mchewere, chifukwa ambiri amawerengera madengu kapena ngolo, ndipo zina zimadyedwa zikadali m'munda. Tinkadziwa kuti banja limodzi limatha kukhala ndi makomo awiri, lina kumphala, lina kudimba kufupi ndi madzi, moti ukafika miyezi ya chilimwe upeza agogo ndi tiana tokha, eni ntchito ali ku chimanga ndi mbatata za m'dambo. Ukalemba kuti pakhomo palibe munthu, walemba bodza. Ukawalemba kuwiri, wawerenga banja limodzi kawiri. Pa khomo la mitala, funso lakuti mutu wa banja ndani limayankhidwa malinga ndi amene wamupeza. Dalaivala wathu ankadziwa kuti mtsinje wa Mwanza umatha kudzaza kuno kusanagwe dontho, chifukwa mvula yagwa kumapiri, ndipo ankayang'ana mitambo ya kumtunda asanalole kuwoloka. Zonsezi tinaziphunzira polakwitsa, miyezi yoyamba inapita pachabe. Gulu lotsatira litabwera linayambanso pomwe ife tinayambira, kulakwitsa zomwezo, pa ndalama zatsopano.

Pali zitsanzo zimene zimandisonyeza kuti zinthu zingathe kuyenda mwina, ndipo ndi za kuno komwe. Chakumapeto kwa 2016 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wa mbaula zochepetsa utsi, amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga, mothandizana pakati pa Liverpool School of Tropical Medicine, bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome Trust ndi anzawo ena. Anatsatira ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu, kufuna kuona ngati kuphikira pa mbaula zimenezi m'malo mwa mafuwa kungachepetse chibayo. Anthu ambiri ankayembekeza kuti yankho likhala inde. Yankho linali lakuti chibayo sichinachepe. Ochita kafukufukuwo sanabise, anazitulutsa poyera, ndipo dziko lonse linamva. Ine ndimawalemekeza pa chimenechi kuposa akanapeza zokoma, chifukwa kunena kuti tinayesa koma sizinatheke n'kovuta pamene amene anakupatsa ndalama akuyembekeza nkhani yabwino.

Koma taganizani. Yankho lotere ndi chuma cha aliyense amene adzabwere mawa ndi mbaula m'manja n'kumalonjeza amayi za chifuwa cha ana awo. Mbaula ili ndi ubwino wake, imapulumutsa nkhuni, ndipo amene waona mmene mapiri a pakati pa Chikwawa ndi Blantyre ayerera sangainyoze. Komabe mfumu, khansala, wapampando wa komiti ya chitukuko ya m'dera ayenera kukhala ndi poyambira kufunsa kuti, "Paja zimenezi zinayesedwa kuno, inu mwasintha chiyani?" Kuti afunse chotero, yankholo liyenera kukhala pamalo pamene iye angalipeze, m'chilankhulo chake, zaka khumi pambuyo pake. Msonkhano umodzi wofotokozera zotsatira, ngakhale utakhala wabwino chotani, umatha ndi Fanta yake. Amene analipo amasamuka, ena amamwalira, mafumu amalowana.

Chitsanzo china ndi cha midzi yozungulira nkhalango ya Majete. Kumeneko kunali pulojekiti yolimbana ndi malungo imene inaphatikiza College of Medicine, yomwe pano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, mayunivesite a ku Netherlands kuphatikizapo ya Wageningen, bungwe la The Hunger Project, ndi African Parks imene yakhala ikuyang'anira Majete kuyambira 2003. Chimene chimandikopa pa ntchito imeneyo ndi mmene anaikira nzeru m'manja mwa anthu a m'midzi momwemo. Anaphunzitsa odzipereka kuti azichititsa okha misonkhano ya za malungo, anthu anaphunzira kutseka mipata ya pakati pa khoma ndi denga imene udzudzu umalowera, kuika sefa m'mawindo, ndi kuthana ndi zithaphwi momwe mphutsi za udzudzu zimaswana. Munthu amene waphunzira kumata mpata wa denga lake sabweza luso limenelo tsiku lotseka pulojekiti. Alibe tabuleti yoti abweze. Apa nkhokwe inamangidwa pafupi ndi munda.

Pa nkhani ya madzi osefukira ndiye pamene mtima wanga umawawa kwambiri. Mu Januwale 2015 madzi anamiza chigwa, Ruo anasiya njira yake, Makhanga inasanduka chilumba. Mu Malichi 2019 kunabwera namondwe Idai. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira n'kuzimitsa makina opanga magetsi pafupifupi mamegawati 130, Gombe anatsatira patangopita masabata. Mu Malichi 2023 Freddy. Nthawi iliyonse madzi akaphwa, kumabwera chigumula chachiwiri, cha anthu onyamula mafomu. Mayunivesite, mabungwe othandiza, nthambi za boma, ophunzira ofuna digiri yachiwiri. Amafunsa kuti madzi anafika pati, munathawira kuti, munadziwa bwanji kuti akubwera, n'chifukwa chiyani simusamukira kumtunda. Funso lomalizali anthu a kwa Nyachikadza ndi kwa Mlolo aliyankha kambirimbiri moti angaliyankhe ali m'tulo: dothi limene madzi amasiya ndilo limatidyetsa, kumtunda kuli malo ogona koma kulibe dimba, ndipo manda a makolo ali kuno. Yankho silinasinthe. Amene amasintha ndi ofunsa.

Makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi a m'midzi ndiwo amasunga mbiri yeniyeni ya madziwa. Amadziwa chulu chimene sichimira, mtengo umene anthu anagonamo, sukulu imene imasanduka msasa, mwini bwato amene amadzuka usiku. Akuluakulu amawerenga zizindikiro zawo, mayendedwe a nyerere, mvuu zikayamba kutalikira mtsinje, kutentha kwa masiku ena. Ochita kafukufuku amalemba zonsezi, n'kuzitcha nzeru za makolo, ndipo amachita bwino kuzilemba. Koma mapu amene amajambulidwa kuchokera pa mawu a anthu amenewa, kodi amapachikidwa pa khoma la ndani? Ndinaonapo wapampando wa komiti yotere akujambula mapu a mudzi wake pa pepala lalikulu kachitatu m'zaka zochepa, kujambulira magulu atatu osiyana, ndipo gulu lililonse linapinda pepalalo n'kupita nalo. Iye anatsala ndi cholembera.

Izi sizinayambe lero. Chigwa chino chakhala munda wa akatswiri kuyambira kale. Mu 1968 kunayamba pulojekiti ya thonje ku Chikwawa ndi ngongole ya World Bank, imene inadzakula n'kukhala pulojekiti ya chitukuko cha ulimi m'chigwa chonse, likulu lake ku Ngabu. Anayeza dothi, anayesa mbewu, anakumba mijigo, analemba. Lero tili ndi Shire Valley Transformation Programme, ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira yofuna kuthirira mahekitala oposa 40,000, boma likugwira ndi World Bank, African Development Bank ndi ena. Ntchito yotere imabala nzeru zochuluka zedi: dothi la mchere lili pati, malo ndi a yani, madzi amayenda bwanji, makopaletivi a alimi amalimba ndi chiyani ndipo amagwa ndi chiyani, zimene alimi a nzimbe a ku Kasinthula anaziona kale ndi maso awo. Ngalande idzatsala, simenti sikwera galimoto. Nkhawa yanga ili pa zimene zili m'malaputopu a akatswiri olembedwa ganyu. Ndipo aliyense wa kuno akudziwa mjigo wina umene unakumbidwa ndi chisangalalo, kuvina ndi nthungululu, koma madzi ake ndi amchere moti ngakhale nyemba sizipsa. Nthawi zambiri pafupi pomwepo pamakhala chitsa cha mjigo wakale umene unasiyidwa pa chifukwa chomwecho. Amene anakumba woyamba anaphunzirapo kanthu. Anangosowa pomusiyira wachiwiri uthenga.

Tsono ndikufuna chiyani? Choyamba n'chaching'ono moti chimachititsa manyazi kuchitchula. Pa khonsolo ya Chikwawa ndi ya Nsanje pakhale kaundula wa kafukufuku yense wochitika m'boma: anachita ndani, m'midzi iti, anafunsa chiyani, anapeza chiyani, ndipo amene angafunsidwe zambiri ali kuti. Mabungwe amadutsa kale ku khonsolo kukadzionetsa pamaso pa komiti ya akuluakulu a nthambi za boma asanayambe ntchito. Khomo lolowera lilipo. Chimene chikusowa ndi khomo lotulukira, pamene gulu lisanakwere Thabwa komaliza lisiye masamba awiri m'Chichewa chomveka, osati Chichewa chomasulira liwu ndi liwu, ofotokoza zimene lapeza ndi zimene zakanika. Za ulimi zikhalenso ku malo a kafukufuku a Kasinthula ndi Ngabu, za umoyo ku ofesi ya zaumoyo ya boma, kuti mlangizi azipeza pafupi. Ndipo gulu latsopano lisanaloledwe kukafunsa gogo wa ku Ngabu kuti amatunga kuti madzi, liyambe lawerenga kaundulayo n'kunena chimene likuwonjezera.

Kaundula sadzilemba yekha. Pafunika munthu amene ntchito yake ndi imeneyo, wolipidwa, osati kalaliki amene wangowonjezeredwa katundu pamwamba pa katundu. Ndalama yake ichokere mu bajeti ya mgwirizano uliwonse, monga momwe mafuta a galimoto amalembedwera popanda wotsutsa. Makomiti amene amavomereza kafukufuku m'dziko muno, monga ya ku Kamuzu University of Health Sciences ndi National Health Sciences Research Committee, pamodzi ndi National Commission for Science and Technology, ali ndi chingwe m'manja. Iwo ndiwo amati yambani kapena dikirani. Angathe kufunsa gulu limene likupempha chilolezo chatsopano kuti lisonyeze pamene linasiya zotsatira za ntchito yake yapita, ndi dzina la ofesi ya m'boma imene inalandira. Ndipo mwezi womaliza wa pulojekiti, masiku awiri okha aperekedwe kwa anthu a m'munsi aja, madalaivala ndi ofunsa mafunso, alankhule mabwana atakhala chete, wina akulemba.

Ndikudziwa zimene anzanga a m'mabungwe ayankhe, chifukwa takanganapo pa mowa. Ati zinsinsi. Mayi amene anauza wofunsa za matenda ake analonjezedwa kuti dzina lake silidzamveka, ndiye ungasiye bwanji zimenezo pa shelefu ya khonsolo pamene mlamu wake amagwira ntchito pomwepo? Apa akunena zoona, ndipo sindikufuna kuti mayina, magazi kapena mayankho a munthu payekha achoke m'manja mwa amene analumbira kuwasunga. Koma zimene ndikupempha si zimenezo. Kunena kuti m'dera lakuti ana ambiri amene anayezedwa anapezeka ndi likodzo sikuulula munthu. Kunena kuti mbewu yakuti inapsa ndi dzuwa la Okutobala sikuulula munthu. Chinsinsi cha wodwala ndi chopatulika, koma ndaona kawirikawiri chikusanduka chitenje chofundira ulesi, kapena chofundira mantha akuti wina angalembe pepala lake pogwiritsa ntchito manambala athu ife tisanatulutse lathu.

Ati khonsolo singathe. Maofesala amasamutsidwa chaka ndi chaka, makompyuta amafa ndi fumbi ndi kutentha, magetsi amazima, mapepala amadyedwa ndi chiswe, ndipo chigwa chomwechi madzi amalowa m'maofesi. Izinso ndi zoona, ndaziona. Koma tamverani mtsutsowo bwinobwino. Ukunena kuti popeza nkhokwe ya mwini munda ndi yothyoka, zokolola zizikasungidwa kwa mlendo mpaka kalekale. Mgwirizano uliwonse umene ndinauonapo unali ndi mawu akuti tikulimbikitsa luso la anzathu a m'boma. Ngati patatha zaka makumi asanu za mapulojekiti khonsolo singathe kusunga kaundula mmodzi, ndiye luso lija linkalimbikitsidwa kuti? Kusamuka kwa maofesala ndiye chifukwa chenicheni chofunira kaundula, pakuti bwanamkubwa watsopano kapena mkulu wa zaumoyo watsopano amafika m'boma ngati mlendo, ndipo amafunika pomwe angawerenge zimene anzake anasiya. Kope ina ikhale pa intaneti, ina papepala, ina ku yunivesite. Chiswe sichidya malo atatu tsiku limodzi.

Ena ati zonse zili kale pa intaneti, aliyense angathe kuwerenga kwaulere. Inde, mapepala ambiri masiku ano satsekeredwa. Koma mlangizi wa zaumoyo wa ku Makhanga, amene kuti akafike ku Bangula ayenera kukwera bwato pa Mtayamoyo, bandulo yake ndi ya WhatsApp, ndipo ngakhale atalipeza pepalalo adzakumana ndi masamba khumi ndi asanu a manambala ndi mawu a akatswiri. Chinthu chikaikidwa padenga, mwini wake n'kuchotsa makwerero, sitinganene kuti chaperekedwa. Tili ndi mawayilesi a m'dera monga Gaka FM amene anthu amamvera ali kudimba. Tili ndi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020. Koma lamulo limakuthandiza kupempha chinthu chimene ukudziwa kuti chilipo, kwa ofesi imene ili nacho.

Tsopano ndiloze chala kwathu, chifukwa mlandu suli mbali imodzi. Ife a m'chigwa taphunzira kuyankha mafunso monga momwe msodzi amaponyera ukonde. Tikaona tabuleti timaganiza ufa, nyemba ndi malata. Mbuzi zimene zili m'khola zimasowa mwadzidzidzi, ana amachuluka, zokolola zimachepa. Sindikuweruza, njala ya kuno ndimaidziwa, ndinadyapo nyika chaka china. Koma zotsatira zake n'zakuti nzeru zimene zimakwera phiri zija zina ndi zabodza, ndipo ife tomwe tinazipotoza. Bodza limeneli limakula chifukwa chakuti mayankho sabwerera. Munthu akadziwa kuti zimene wanena zidzawerengedwa pabwalo la mfumu, anansi ake akumva chiwerengero cha mudzi wonse, amayamba kusamala lilime. Akadziwa kuti zikupita kosabwerera, amanena zimene zingamupindulire lero.

Nawonso maofesala athu ali ndi nthenda yawo, ya alawansi. Msonkhano wogawana zimene taphunzira ukaitanidwa ku boma konkuno, mipando imakhala yopanda anthu. Ukaitanidwa ku Mulanje kapena ku Liwonde, amene amapita si amene anagwira ntchitoyo koma amene ali ndi mphamvu yosankha wopita. Amakasayina, amakagona, amabwera ndi chikwama cholembedwa dzina la pulojekiti, ndipo mlangizi amene amayenera kumva zimenezo amangomva kuti abwana anapita ku wekishopu. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Mabungwe akudziwa zimenezi, amadandaula m'makonde, koma amapitiriza kulipira chifukwa lipoti lawo likufuna chiwerengero cha anthu amene anafika.

Ndipo pali china chimene sichinenedwa pa misonkhano imeneyi, chimene ndi muzu wa zonse. Mu mgwirizano wa yunivesite ya kunja, yunivesite ya kuno, bungwe lalikulu ndi kabungwe ka m'boma, onse amatchedwa abwenzi ofanana, koma mmodzi yekha ndiye amasayina cheke. Kabungwe ka ku Nsanje kakaona kuti njira imene akatswiri asankha sikugwira, kamayeza kaye mawu ake, chifukwa malipiro a anthu ake asanu ali m'manja mwa amene akufuna kuwatsutsawo. Choncho msonkhano umene unaitanidwa kuti tiphunzire umasanduka chionetsero, aliyense akuonetsa zithunzi za amayi akumwetulira. Ine ndinakhalapo m'chipinda chotere. Tinkadziwa tonse a m'munsi kuti funso lina pa fomu yathu anthu sankalimva ndipo tinkangolilongosola aliyense mwa njira yake, kutanthauza kuti mayankho ake sakanatha kuphatikizidwa. Mlendo wochokera kunja atafunsa ngati pali vuto, tinayang'anana, woyang'anira wathu anati zonse zili bwino, ndipo ine ndinawerama n'kumasewera ndi cholembera. Kontrakiti yanga inali itatsala mwezi umodzi. Manambala a funso limenelo ndinadzawaona mu lipoti, atajambulidwa bwino m'mitundu itatu.

N'chifukwa chake sindikhulupirira kuti vutoli lingathe ndi pulogalamu yatsopano ya pa kompyuta kapena katswiri wina wolembedwa kuti aziyang'anira za kuphunzira. Zimenezo zimathandiza pamene anthu ali omasuka kunena kuti talakwitsa. Kumasukako kumabwera pamene wamng'ono mu mgwirizano ali ndi kanthu m'manja kamene wamkulu akukafuna. Khonsolo ikakhala ndi kaundula ndi mphamvu yonena kuti simunatseke ntchito yapita ija, kabungwe ka m'boma kakakhala ndi gawo lake la bajeti lolembedwa kuyambira pachiyambi, yunivesite ya kuno ikakhala ndi kope yonse ya manambala osati zotsalira, kukambirana kumasintha. Mlendo amabweradi ndi kalumo kakuthwa, ndipo tikufuna kuti azibwera. Koma mutu umene ukumetedwawo ndi wathu.

Gogo wa ku Ngabu uja ndinadzamuonanso patapita nthawi, pa msika, akugulitsa masawu. Anandizindikira ndisanamuzindikire. Anafunsa za kwathu, ndinafunsa za kwawo, kenako anati, "Nanga zija munalemba zija zinatha bwanji?" Ndinamuuza kuti ntchito inatha ndipo ine ndinasiya. Anati zimenezo wamva, koma iye akufunsa zimene tinapeza, ngati madzi a pa mjigo wawo ndi amene amadwalitsa ana kapena ayi, pakuti botolo la madziwo tinalitenga. Ndinalibe yankho. Ndinagula masawu a K500, iye anawonjezera dzanja limodzi la basera, n'kundiuza kuti sabata yathayo kunabweranso ena, atsikana awiri aulemu kwambiri, ndipo nawonso anatenga botolo.